Mawu aja anasiya, koma mlongo wanga akuti wangokhala mtolo. Ndimufunse kapena ndikhale chete?

Nachisale_Chipoka:
Moni nonse a pa gulu. Ndikufuna nzeru kwa amene munadutsamo. Mlongo wanga wamng'ono anayamba kudwala chaka chatha. Ankamva mawu a anthu osaoneka, usiku osagona, ankati anzake a pa doko akumupangira upo woti amuphe. Tinapita naye kuchipatala cha boma kuno ku Salima, anatitumiza ku Zomba, ndipo anabwerako ali bwino. Mankhwala akumwa osadumphitsa, mawu aja akuti anasiya. Tonse mitima inakhala pansi. Koma tsopano amangobindikira m'nyumba, ku nyanja sapitanso, nsima amangoinyema pang'ono n'kusamba m'manja. Dzana anandiuza kuti, "Achemwali, ine ndangokhala mtolo kwa inu, bola ndikanapanda kubwerako." Dzulo wapereka foni yake ndi nyali zake za kauni kwa msuweni wathu. Amayi akuti ndi ulesi wa mankhwala. Ine mtima ukukana. Ndimufunse ngati akuganiza zodzipha? Ndikuopa kumupatsa maganizo amene mwina alibe.

Namwino_wopuma:
A Nachisale, mwachita bwino kulemba lero. Ndagwira unamwino zaka zambiri, mbali ina ku wodi ya odwala matenda a maganizo, ndiye ndilankhula mosabisa. Zimenezi si ulesi. Munthu akanena kuti ndi mtolo, kenako n'kuyamba kugawa zinthu zimene amadalira pa ntchito yake, ife timatenga kuti moyo wake uli pachiswe mpaka titatsimikiza kuti ayi.

Mufunseni lero lomwe, ndipo mutchule chinthucho: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Musazungulire ndi mawu oti "usadzachite zopusa", chifukwa akamva choncho adziwa kuti yankho loona simukulifuna. Kufunsa sikudzala maganizo amenewa mwa munthu. Nkhaniyi inafufuzidwa kambirimbiri ndipo funso silinapezeke kuti limawonjezera ngozi. Akavomera, funsaninso ngati waganiza kale njira kapena tsiku, komanso ngati mawu aja abwereranso n'kumamulamula kuti adzivulaze. Tsiku la kiliniki lolembedwa m'buku lake musalidikire. Mupite naye kuchipatala ndipo mukafika mukanene kuti nkhani ndi yofuna kudzipha, kuti asakuikeni pa mzere wa chimfine.

Usiku uno asagone yekha. Mankhwala othira m'chimanga, a makoswe, a kudimba, zingwe, zonsezi zichoke pakhomo zikasungidwe kwa munthu wina. Mapiritsi ake musunge inu, muzimupatsa a nthawi imeneyo basi.

Kabaza_KamuzuRoad:
Wofuna kudzipha sanena. Onenawo amangofuna muwanyengerere. Mumupezere ganyu muona achira.

Mayi_a_Tadala:
@Kabaza_KamuzuRoad chonde bwezani mawu amenewo. Mwana wa achemwali anga ankanena, ife tinkamva ndi makutu athuwa. Tinamuika m'manda.

Kabaza_KamuzuRoad:
Pepani amayi, sindinadziwe. Koma nkhani ya ganyu ndiye sindikubweza, mwamuna wongokhala maganizo amamuchuluka.

Ndinadwalapo_KK:
Ndilembe ngati mwini matenda, chifukwa pa magulu ngati ano amalankhula ndi osamalira, ife odwala timangowerenga.

A Nachisale, pamene ndinali pachimake pa matenda sindinkadziwa kuti ndikudwala. Ndinkaona ngati dziko lonse lasokonekera, ine ndekha ndiye ndili bwino. Ululu weniweni unayamba mankhwala atagwira. Mutu utayera ndinayamba kukumbukira chimodzichimodzi: zimene ndinalalata pa msika, mmene ndinawatukwanira apongozi anga, mmene anyamata anandimangira manja kuti andikweze galimoto. Wina anali atandijambula, kanemayo anayenda m'mafoni mpaka kwa abale a ku Dwangwa. Ana akandiona pa msewu ankakodolana. Ntchito inali itapita, ngongole ya ku banki m'khonde ikundidikira, ndipo aliyense pakhomo akundiuza kuti "tithokoze Mulungu wachira". Ndikanawauza bwanji anthu amene anagulitsa mbuzi chifukwa cha ine kuti sindikufuna kudzuka mawa?

Achibale amalondera misala yokha. Akaona kuti sukulankhula wekha, sukuthawa, sukuswa zinthu, amati nkhani yatha, mlonda amapita kukagona. Koma nthawi imeneyo ndi imene ndinali pafupi ndi imfa kuposa pamene ndinkalalata pa msika paja. Amene anandiwombola ndi azakhali anga. Anakhala nane pakhonde akusenda chinangwa, osandiyang'ana n'komwe, anangofunsa kuti "kodi ukuganiza zodzipha?" Ndinalira ngati mwana. Sanandidzudzule, sananditsegulire vesi. Anati mawa tipita limodzi, ndipo tinapitadi.

Mukamufunsa, musafulumire kumutsutsa akati ndi mtolo. Mulekeni amalize. Mukangothamangira kunena kuti "ayi ayi usatero", amatseka pakamwa.

Nachisale_Chipoka:
Zikomo achimwene. Zoti anamangidwa manja ndi zoona kwa ifenso, ndipo amene anamumanga ndi anzake omwe ankakwera nawo bwato limodzi. Mwina n'chifukwa chake sakufuna kuona doko.

Bambo_wa_ku_Benga:
Tisanamizane apa. Anyamata a m'madoko chikuwapengetsa ndi chamba. Kuyambira ku Chia mpaka ku Ngala fodya ameneyu amasuta ngati ndudu wamba. Mufunseni bwino mlongo wanuyo.

Mlovi_wa_Nguwo:
Abambo, mwayamba. Chilichonse choipa ndi alovi. Ana a sukulu a ku tauni amene akudwala matenda omwewa nawonso amakoka chilimira?

Bambo_wa_ku_Benga:
Ine ndakulira ku Nkhotakota mwana wanga, ndikudziwa chimene chimalimidwa kumapiri kuja ndi kumene chimathera.

Mlovi_wa_Nguwo:
Chimathera ku Lilongwe ndi kunja, mwa anthu ovala mataye. Ife timathera usiku wonse pa madzi, mwera ukawomba mabanja amagona ndi njala, usipa tikaupeza mtengo amatiuza ndi ogula. Zimenezo simuziwerengera kuti zingasokoneze munthu mutu?

Namwino_wopuma:
Nonse awiri muli ndi mbali yoona. Chamba chimawonjezeradi mpata woti munthu adwale psychosis, matenda omva mawu kapena kukhulupirira zinthu zimene kulibe, makamaka akayamba kusuta ali wamng'ono, tsiku ndi tsiku, komanso chikakhala champhamvu. Amene anadwalapo akabwerera ku chamba kapena ku kachasu matenda amayambiranso msanga, ndipo mowa umachotsa mantha amene akanamuletsa munthu kudzivulaza. Koma ndasamalirapo amayi a Mvano ndi ana asukulu amene sanagwirepo ndudu. Ena zimayenda m'magazi a kubanja, ena zimabwera atangobereka, ena ndi khunyu. Kuno kunyanja tisaiwalenso kuti malungo akafika ku ubongo munthu amabwebweta ngati wamisala, n'chifukwa chake woyamba kumene kusokonekera amayezedwa kaye magazi. Kaya mlongo wa a Nachisale ankasuta kaya ayi, lero si tsiku lomuzenga mlandu umenewo. Munthu amene akudziona kale kuti ndi mtolo mukamuuza kuti anaziyamba dala, mwamukankhira komwe tikumuletsako.

Admin_wa_Gulu:
Za chamba mutsegule mutu wake. Pano tithandize achemwaliwa.

Mtumiki_Moto:
Mzimu wa imfa sumva mapiritsi. Mubwere naye kuphiri tisale kudya masiku atatu, mankhwalawo aime kaye kuti Mulungu aonekere yekha. Ambiri amasulidwa.

Mkulu_wa_Mpingo_Khombedza:
A Mtumiki, ndine mkhristu mnzanu ndipo pemphero ndimalikhulupirira, koma apa ndikukanizani pamaso pa gulu. Kumpingo kwathu tinataya mnyamata woimba kwaya m'njira imeneyi. Anasiyitsidwa mankhwala, patapita masabata mawu anabwerera mwaukali kuposa poyamba. Mupempherereni kunyumba kwake, akudya, akumwa mankhwala ake. Munthu wosagona, wosadya, wofuna kufa, mukamutengere kuphiri?

Chinanso chimene ife a mipingo tiyenera kuchiyang'ana: maliro a munthu wodzipha timawathawa, m'malo ena nyimbo siziimbidwa, amaikidwa mwachangu ngati wakuba. Achinyamata amaona zimenezi. Amaphunzira kuti maganizo amenewa ndi oti ufe nawo osauza mbusa.

Anti_Mariamu_Linga:
Kwa ife a Chisilamu nkhani imakhala ya majini. Mwamuna wanga atadwala tinapita kwa ashehe, anamuwerengera dua, koma iwo omwewo anatiuza kuti mawa lake tikaonane ndi adokotala. Pa mwezi wa Ramadan anatiuzanso kuti wodwala ali ndi chilolezo chosafunga, ndipo nthawi yomwera mankhwala tisaisinthe patokha. Ziwirizi sizilimbana.

Mtumiki_Moto:
Chikhulupiriro chanu n'chochepa.

Mayi_a_Tadala:
Chikhale chochepa choncho, bola mwana akhale moyo.

Wophunzira_zaUdokotala:
Ndiwonjezere zimene timaphunzira m'kalasi, kuti amayi awo a Nachisale aone kuti si mwana wawo yekha. Mwa anthu 20 odwala schizophrenia, mtundu wa psychosis umene umakhalitsa, pafupifupi mmodzi amamwalira podzipha. Ngozi imakula m'zaka zoyambirira matenda atangodziwika, makamaka kwa anyamata, komanso m'masabata oyamba munthu atangotulutsidwa m'chipatala. Kukhumudwa kobwera psychosis itazizira ndi matenda odziwika ndipo ali ndi chithandizo chake, si khalidwe. Chodabwitsa n'choti amene akumvetsa bwino kuti anadwala, amene anali ndi maloto aakulu asanadwale, nthawi zambiri ndi amene amavutika kwambiri mumtima, monga afotokozera a Ndinadwalapo_KK.

Zochotsa poizoni pakhomo musazione ngati zachibwana. Padziko lonse, mwa anthu asanu odzipha, pafupifupi mmodzi amamwa mankhwala a mbewu. Ku Sri Lanka boma litaletsa mitundu yoopsa kwambiri ya mankhwala amenewa, chiwerengero cha odzipha chinatsika kwambiri kuchokera cha m'ma 1995, ndipo ulimi sunagwe. Chifukwa chake n'choti mphindi imene munthu wafika pothera sikhalitsa. Chida chikakhala kutali, mphindiyo imadutsa munthu ali moyo.

Palinso mankhwala otchedwa clozapine amene anapezeka kuti amachepetsa kudzipha mwa odwala schizophrenia, koma amafuna kuyeza magazi pafupipafupi, choncho amayambitsidwa ndi akatswiri basi.

Kabaza_KamuzuRoad:
Adokotala achichepere, Sri Lanka yo ikwera kabaza kupita ku Chipoka usiku uno?

Wophunzira_zaUdokotala:
Ayi akulu, koma botolo limene lili kuseri kwa thumba la chimanga likhoza kukwera kabaza wanuyo n'kupita kwa amalume.

Mphunzitsi_Thavite:
Funso langa ndi la malamulo. Kumudzi kuno anthu amabisa wachibale akayesa kudzipha poopa apolisi. Amamumwetsa mkaka kapena madzi a mchere kunyumba m'malo mothamangira kuchipatala. Manthawa ali ndi pochokera, chifukwa kwa zaka zambiri gawo 229 la Penal Code, buku la malamulo a milandu, linkanena kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu. Ine ndimaona kuti lamulo limeneli linangophunzitsa anthu kubisa. Munthu wodwala ukamuopseza ndi ndende, wathandiza ndani?

Namwino_wopuma:
Aphunzitsi mwakhudza pofunika. Zomwetsa mkaka kapena kusanzitsa munthu amene wamwa poizoni zisiyeni, masanzi amatha kulowa m'mapapo ndipo nthawi imatayika. Thamangani naye, ndipo mutenge botolo kapena pepala la chimene wamwacho kuti achipatala adziwe chothana nacho. Ntchito ya namwino ndi kupulumutsa moyo. Mlongo wa a Nachisale sanachite kanthu, akungofuna thandizo, ndiye za apolisi pano palibe.

Anti_Mariamu_Linga:
Amayi anamwino, ndifunseko changa pomwepa. Mwamuna wanga atamuyambitsa jakisoni wa pamwezi anayamba kulephera kukhala pansi. Amangoyendayenda pabwalo, akakhala miyendo ikugwedezeka, ankati mkati mwa thupi muli ngati nyerere ndipo bola kufa. Apongozi ankati misala yabwerera, tiwonjezere mapiritsi.

Namwino_wopuma:
Chimenecho chimatchedwa akathisia, ndipo chimabwera ndi mankhwala monga haloperidol ndi jakisoni wa fluphenazine, amene ambiri amamudziwa kuti Modecate. Munthu amazunzika koopsa ndipo ena amafika poganiza zodzipha chifukwa cha chimenechi chokha. Kuwonjezera mapiritsi kumangokulitsa vutolo. Mukawafotokozera achipatala amatha kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala kapena kupereka ena othandizira. Zina zimene odwala amadandaula ndi kuuma khosi, kunjenjemera manja, kutuluka dovu, tulo tosatha monga amachitira chlorpromazine, kunenepa, ndi kufooka kwa mphamvu za m'banja. Chomalizachi anyamata sanena, amangosiya mankhwala mwakachetechete. Choncho amayi awo a Nachisale sakulakwa kwenikweni, mankhwala amafooketsadi. Koma kufooka kwa mankhwala sikupangitsa munthu kugawa katundu wake.

Anti_Mariamu_Linga:
Ndi mmene zinathera kwa ife, anamusinthira ndipo anakhazikika.

Mayi_a_Tadala:
Vuto ndi loti umayenda mtunda wonsewo n'kukapeza mankhwala atha, akulembera kuti ukagule. Ife zinatichitikirapo, ndipo ku ma famase a pa boma mtengo wake ndi wa thumba la mpunga. Ndiye mwezi umenewo umasankha, mankhwala kapena ndiwo.

Kabaza_KamuzuRoad:
Ndipo mafuta akasowa musatinene ife kuti takweza. Minibasi za pa M5 nazo zimakweza kawiri pa tsiku, mvula ikagwa milatho ikuvuta, munthu wa ku Chipoka kuti afike pa boma amakhala watha ndalama ya sabata.

Bambo_wa_ku_Benga:
Msewu umenewu takhala tikulonjezedwa kuyambira ndili mnyamata.

Mlovi_wa_Nguwo:
Apa ndiye tagwirizana abambo.

Mphunzitsi_Thavite:
Pa nkhani ya mtunda, a zaumoyo a m'mudzi amadziwa masiku amene a matenda a maganizo amabwera ku chipatala chaching'ono, afunseni. Muthanso kuimba Chipatala cha pa Foni pa 54747 ngati muli pa Airtel, ndi ulere. Amene angakwanitse kupita ku Lilongwe, a St John of God ali ndi chipatala cha matenda amenewa kumeneko, kuwonjezera pa cha ku Mzuzu chija. Kulinso bungwe la odwala ndi owasamalira lotchedwa MeHUCA. Koma pa zimene afotokoza a Nachisale, foni isalowe m'malo mwa ulendo.

Nachisale_Chipoka:
Ndabweranso. Ndamufunsa. Ndinadikira amayi apite kumadzi, ndinakhala naye kuseri kwa nyumba. Poyamba anangoti zii, kenako anati inde, wakhala akuganiza kuyambira pamene anakumana ndi mtsikana amene ankafuna kumukwatira uja ali ndi mwamuna wina. Akuti tsiku sanasankhe, ndipo mawu aja sanabwerere. Akuti chimamupweteka kwambiri n'choti amayi anagulitsa munda wa mpunga chifukwa cha ulendo wa ku Zomba. Amalume abwera atenga zonse zija, ndipo agona naye chipinda chimodzi. Mawa m'mamawa tikupita.

Koma pali vuto. Wandichonderera kuti ndisakawauze achipatala, akuopa kuti akamubweza ku Zomba ndipo anthu adzati wapenganso. Amayi nawo akuti tikangotenga mankhwala tibwerere, za kudziphazo zithere m'banja. Ndamulonjeza kuti ndiganiza. Nditani?

Kabaza_KamuzuRoad:
Eee. Ndiye analidi nazo.

Ndinadwalapo_KK:
Musamunamize. Musamuuze kuti simukanena kenako n'kukanong'oneza adokotala iye ali panja. Ife odwala matenda amenewa tinazunzikapo kale ndi maganizo oti anthu akutipangira upo kumbali, ndiye akakugwirani kamodzi kokha simudzamvanso zamumtima mwake. Muuzeni usiku uno kuti, "Sindingasunge chinsinsi chimene chingakuphe, koma ndikhala pambali pako, ndipo uyambe ndiwe kufotokoza." Akwiya mwina. Ine ndinawakwiyira azakhali anga njira yonse.

Namwino_wopuma:
Ndikugwirizana nawo. Muuzeninso kuti kunena maganizo odzipha sikutanthauza kuti basi galimoto ya ku Zomba yanyamuka. Achipatala amayang'ana zingapo: kodi ali ndi njira ndi tsiku, anayesapo kale, mawu akumulamula, akumwa mowa, pakhomo pali womuyang'anira. Ambiri amathandizidwa n'kubwerera kwawo, n'kuwapatsa tsiku lapafupi loti abwerenso. Sindingakulonjezeni chimene akaganize amene akamuone, ndipo akanena kuti agonekedwe muvomere. Koma mukabisa, akamupatsa mankhwala omwe aja n'kumulembera tsiku lakutali, chifukwa kwa iwo aoneka ngati wodwala amene akupeza bwino.

Amayi anu muwamvetse, akuopa manyazi ndipo atopa. Apezereni munthu amene amamumvera, kaya amalumewo poti ndi eni mbumba, awalankhule.

Mkulu_wa_Mpingo_Khombedza:
Za munda zija, amayi ndi amene angamumasule. Mawu oti "ndinagulitsa mwakufuna kwanga ndipo ndikhoza kugulitsanso" achoke pakamwa pawo, osati pa inu.

Nachisale_Chipoka:
Tabwerako. Anafotokoza yekha, ine ndinangowonjezera za foni ndi nyali. Adokotala anakhala naye nthawi yaitali, anamuchepetsera mankhwala ena amene amamugonetsa, anamuwonjezera a kukhumudwa, ndipo atiuza tibwerenso sabata yamawa. Anatilembetsa papepala anthu atatu oti awauze maganizo aja akamufika, ndi zoti achite. Sanamugoneke. Panjira sanandilankhule, koma madzulo wadya. Amayi akadali okhumudwa nane kuti ndaulula za m'nyumba.

Mayi_a_Tadala:
Akhumudwe, adzakuthokozani mochedwa. Inunso muzigona achemwali. Musinthane ndi amalume ndi msuweni uja, munthu mmodzi sangalondere usiku ndi usana.

Wophunzira_zaUdokotala:
Mankhwala a kukhumudwa sagwira tsiku lomwelo, amatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kupitirira. Masiku oyambawa mphamvu za thupi zimatha kubwerera mtima usanatsitsimuke, ndiye kuyang'anira kusachepe. Mapiritsi apitirire kukhala kwa inu, chifukwa ena mwa mankhwala amenewa, monga amitriptyline, ndi oopsa akachuluka. Mukaona wasintha mwadzidzidzi, wakhala wosangalala modabwitsa, akutsanzika anthu kapena kubweza ngongole zonse, musati wachira. Mufunsenso funso lomwe lija.

Nachisale_Chipoka:
Ndizifunsa kangati? Sindikufuna azimva ngati mkaidi.

Ndinadwalapo_KK:
Mugwirizane naye. Ine ndi azakhali tinapangana kuti madzulo aliwonse azindifunsa kuti "lero zili pati?", ine n'kuyankha kuti pansi, pakati kapena pamwamba. Ndikati pansi, ankadziwa kuti usiku umenewo sindigona ndekha, popanda kukambirana zambiri. Masiku ena muzicheza naye za mpira, za mitengo ya usipa, za miseche ya m'mudzi. Chimatopetsa n'choti aliyense akakuona funso ndi limodzi, "wamwa mankhwala?", ngati dzina lako linasintha.

Kabaza_KamuzuRoad:
Nanga ganyu yanga ija? Mwandinyoza pachabe.

Namwino_wopuma:
A Kabaza, pa ntchito simunalakwe, munalakwa pa nthawi yake. Kukhala ndi chochita ndi anthu ocheza nawo kumateteza ndithu. Koma za kauni ayi pakadali pano. Kuchezera usiku pa madzi kumasokoneza tulo, ndipo kusagona ndi chimodzi mwa zimene zimadzutsa matendawa. Onjezani mankhwala ogonetsa ndi maganizo amene ali nawowa, pakati pa nyanja si malo ake. Ayambe ndi ntchito ya kumtunda, ya masana, ya maola ochepa.

Bambo_wa_ku_Benga:
Ndipo kumadoko kuja amupatsanso fodya uja.

Mlovi_wa_Nguwo:
Abambo, tamvani kaye. A Nachisale, ngati doko la kwanu likumuchititsa manyazi, achimwene anga aakulu ali ndi matandala oyanikira usipa cha ku Ngodzi, ndipo amasoka maukonde pamthunzi masana. Ndi munthu wachikulire, samwa, sasuta, salankhulalankhula. Anthu akumeneko nkhani ya mlongo wanuyo sakuidziwa. Akafuna, osati mumukakamize, akhoza kumapitako ndi msuweni wanuyo kawiri pa sabata, kubwerera dzuwa lisanalowe. Malipiro ndi ochepa, mwina kandalama ka sopo ndi ndiwo.

Nachisale_Chipoka:
Ndimuuza tikabwerako ku kiliniki sabata yamawa, ndiyambe ndafunsa adokotala. Maukonde amadziwa kusoka, anaphunzira kwa malemu bambo. Achimwene anuwo ndiwauze zonse kapena ayi?

Ndinadwalapo_KK:
Mufunseni mwini wake chimene akufuna chinenedwe. Koma munthu mmodzi kumeneko adziwe, ndipo akhale ndi nambala yanu.

Mlovi_wa_Nguwo:
Ndakutumizirani uthenga kumbali. Mukandiyankha mochedwa musadabwe, foni ndimatchajitsa pa golosale ndipo magetsi kuno anazima kuyambira m'mawa.